Mlendo Wolipira Si Wopempha

MLENDO NDI MAME

Munthu aliyense, kaya ndi mfumu kaya ndi mlimi, tsiku lina amakhala mlendo. Wina achoka ku Mzimba kunka ku Blantyre kukaona mwana wake wodwala pa chipatala cha Queen Elizabeth. Wina atsika ku Dedza ndi matumba a mbatata ya kachewere kukagulitsa kunyanja. Wina apita ku Lilongwe kukafuna ntchito. Dzuwa likalowa, anthu onsewa afuna zinthu zimodzimodzi: pogona posaluma, madzi osamba ndi akumwa, chakudya chofunda, ndi chitseko chotsekeka.

Makolo athu ankazidziwa zimenezi. Mlendo akafika pamudzi ankamulondolera kwa mfumu. Mfumu inkamufunsa kumene achokera ndi kumene apita, nimuonetsa pogona. Amayi ankamuikira madzi kubafa, namphikira nsima, ndipo nthawi zina nkhuku inkafa chifukwa cha iye. Akuluakulu ankati mlendo ndi mame, kutanthauza kuti sakhalitsa; msamaleni lero, pakuti mawa simudzamuonanso. Zonsezi ankachita osalandira ngakhale khobidi limodzi.

Lero kusunga alendo kwasanduka malonda, ndipo palibe choipa pamenepo. Munthu womanga nyumba ya alendo ayenera kudya thukuta lake. Koma ndili ndi mlandu ndi eni mahotela ena a m'dziko lino. Mlandu wake ndi uwu: alandira ndalama ya mlendo, koma amsunga moipa kuposa mmene agogo athu ankasungira mlendo waulere. Ndipo mlendoyo akadandaula, amuyang'ana ngati wopempha amene wanyoza nsima ya mwini nyumba.

MAHOTELA A KALE NDI A LERO

M'masiku a atsamunda mahotela akuluakulu anali a Azungu. Imodzi mwa nyumba zotchuka inali Ryall's ya ku Blantyre, imene anaitsegula Louisa Ryall kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920. M'nyumba zotere munthu wakuda ankalowa kawirikawiri ngati wophika, wochapa kapena wonyamula katundu. Mu Januwale 1960, pamene nduna yaikulu ya ku Britain, Harold Macmillan, inali m'hotela imeneyi, anthu athu anasonkhana panja ndi zikwangwani, kufuna ufulu ndi kumasulidwa kwa Dr Banda. Ufuluwo unadza m'chaka cha 1964.

Tsopano makomo onse ndi otseguka. Alipo mahotela a kampani imodzi yaikulu, monga a Sunbird, amene ali ndi Mount Soche ku Blantyre, Ku Chawe pa phiri la Zomba, Nkopola ku Mangochi ndi ena. M'mahotela otere woyang'anira ali ndi akulu ake ku likulu amene angamufunse akalakwa, koma mtengo wake aufikira ndi anthu owerengeka. Ambiri a ife tigona m'mahotela ang'onoang'ono, m'maloji ndi m'maresitihausi a munthu mmodzi kapena a banja limodzi. Mwini wake ndi mnzathu, wolankhula chilankhulo chathu. Pamwamba pake palibe bwana wina. Nyumba yotere ikakoma, ulemu wonse ndi wake. Ikaipa, sangaloze munthu wina chala.

Ndagonamo m'nyumba zambiri zotere, ndipo zina ndi zaukhondo ndi zaulemu kotero kuti munthu achoka ali wokondwa ngati anali kwa mlongo wake. Mawu anga sali pa zimenezo. Ali pa nyumba za mtundu umene ndifotokoze tsopano.

MASIKU ATATU M'MBALI MWA NYANJA

Mwezi wina wa Malichi ndinali ndi ntchito ya masiku atatu pa tauni ina ya m'mbali mwa nyanja. Hotela imene ndinafikira inali yokongola poiona. Mpanda wake unali wopakidwa laimu, pabwalo panali maluwa, ndipo munthu ataima pakhonde ankaona mabwato a asodzi ali kubwera kumtunda. Chikwangwani cha pachipata chinalonjeza madzi otentha, magetsi usana ndi usiku, ndi chakudya cham'mawa. Mnyamata wa pa tebulo lolandirira alendo anati lamulo la nyumbayo ndi kulipiratu masiku onse. Ndinalipira. Nditapempha lisiti anati, "Pepani bambo, buku la malisiti lili ndi abwana, ndipo achoka."

M'chipinda loko ankazungulira osagwira. Neti inali ndi zibowo zitatu zolowa chibakera. Pampopi panatuluka mphepo yokha. Mtsikana wokonza m'zipinda, ataona nkhope yanga, anathamanga nabwera ndi ndowa ya madzi amene anawafunditsa yekha pankhuni. Anagwada nati, "Sambani awa, bambo, mpopiwu unafa kalekale." Mtima wanga unakhalako pansi chifukwa cha ulemu wa mwanayo.

Usiku nyali itazima, eni chipinda enieni anatuluka. Nsikidzi zinachokera m'misoko ya matiresi ndi m'ming'alu ya bedi, udzudzu nulowa pa zibowo zija. Ndinachezera kukhala pampando. M'mawa chakudya cholonjezedwa chija chinali tiyi ndi buledi wouma. Mazira, anati, anatha dzulo.

Tsiku lachiwiri linayamba bwino. Nditadandaula anandisamutsira m'chipinda china chopanda nsikidzi. Masana wophika anandikonzera chambo chootcha ndi nsima ya ufa woyera, ndipo kunena zoona, chambo chokoma chotero sindinachidye kwina kulikonse. Mlonda, bambo wachikulire, ataona kuti nacho chitseko chatsopanocho chilibe mpiringidzo, anasema kamtengo kotchingira, nati, "Gonani, mwana wanga, ine ndili pompano." Koma pakati pa usiku mvula inagwa, magetsi nazima. Jenereta inalipo, koma inalibe mafuta. Denga linayamba kudontha pamiyendo pa bedi, ndipo mumdimawo munalibe kandulo kapena machesi. Mlonda yemweyo ndiye anandibwereka tochi yake, iye natsala mumdima.

Tsiku lachitatu mwini hotela anafika pa galimoto. Anadza kudzaona amisiri amene anali kumanga mzere wa zipinda zatsopano kuseri. Ndinamufotokozera zonse mwaulemu. Iye anayankha kuti, "Achimwene, ndalama imene mwalipirayo ndi yochepa. Ngati mufuna za pamwamba, pitani ku mahotela a m'tauni. Kuno ndalama sitibweza." Atatero anatembenuka kukawerenga matumba a simenti.

Taonani tsono mmene zinthu zinagawikira. Zabwino zonse za m'nyumba imeneyo zinachokera kwa antchito: ndowa ya madzi, chambo, kamtengo ka pachitseko, tochi. Zoipa zonse zinali zofuna ndalama ndi lamulo la mwini wake: loko, neti, mpopi, denga, mafuta a jenereta. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

ZOWIRINGULA ZINAYI

Eni nyumba zotere ali ndi mayankho amene awabwereza kulikonse. Tiyeni tiwayese limodzilimodzi.

Loyamba ndi lakuti mtengo ndi wotsika. Inde, munthu wolipira pang'ono sayembekezera kapeti, wailesi yakanema kapena dziwe losambiramo. Koma ndani anaika mtengowo? Mlendo sanauike, anauika mwini nyumba, nalemba pachikwangwani zimene adzapereka pa mtengo umenewo. Mayi wogulitsa tomato pamsika akatsitsa mtengo, amachepetsa mulu. Saika tomato woola pansi pa mulu ndi kunena kuti wogula walipira pang'ono. Chipinda chotchipa chikhale chaching'ono, cha bedi wamba ndi simenti pansi. Koma nsikidzi sizili pa mtengo uliwonse. Kuyanika matiresi padzuwa kulibe msonkho, ndipo kusoka chibowo cha neti kufuna singano ndi ulusi basi.

Lachiwiri ndi lakuti magetsi ndi madzi sizili m'manja mwawo. Apa pali choona. Magetsi ambiri a dziko lino achokera pa mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko nilitaya mphamvu yokwana pafupifupi mamegawati 130, ndipo anthu anakhala mumdima maola ambiri pa tsiku kufikira makinawo atakonzedwa m'chaka cha 2023. Palibe mwini hotela amene akanaletsa zimenezo. Koma popeza tonse tidziwa kuti magetsi amazima, munthu wosunga alendo ayenera kukonzekeratu. Mayi wa pakhomo asunga madzi m'mtsuko ndi m'mgolo, naika machesi pamalo podziwika. Kodi chimene achita mayi wa pakhomo chingamkanike munthu wa zipinda khumi ndi ziwiri? Nyali ya sola m'chipinda chilichonse, thanki kapena migolo yovundikira bwino, ndi mawu oona kwa mlendo asanalipire: zimenezi zili m'manja mwake. Ndipo ngati magetsi sali m'manja mwake, achotse pachikwangwani lonjezo lija la usana ndi usiku.

Lachitatu ndi lakuti zinthu zakwera mtengo. Nazonso n'zoona. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo sopo, mafuta, penti ndi malata zinakwera. Koma kukwera komweko kunamgwera mlendonso. Ndalama imene waika patebulo waipeza movutika, mwina atagulitsa mbuzi kapena thumba la chimanga. Ndiponso munthu amene ali ndi ndalama ya simenti ya zipinda zatsopano sanganene kuti alibe ndalama ya loko mmodzi. Iye wasankha kuchulukitsa zitseko zolandirira ndalama m'malo mokonza zimene zilipo.

Lachinayi ndi lakuti antchito ndi aulesi, ndipo alendo amaba ndi kuononga. Alendo ena amabadi matawulo ndi mababu, ena azima fodya pa nsalu zofunda. Khalidwe limeneli ndi lochititsa manyazi, ndipo wochita zotere alipire. Koma kuba kwa mlendo wa dzulo si chifukwa cholangira mlendo wa lero. Za antchito, funsani kaye: kodi wawapatsa sopo ndi mankhwala? Kodi malipiro awo afika pa tsiku lake? Kodi iye mwini analowa liti m'chipinda cha kumapeto ndi kutukula matiresi? Mwini munda amene safika kumunda asadabwe udzu ukaposa chimanga.

KUGONA KOIPA KUMATSATA MUNTHU KWAWO

Wina anganene kuti usiku umodzi wovutika si kanthu, kucha munthu apita. Koma zina za m'chipinda choipa zimapita naye.

Malungo afalitsidwa ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, umene uluma makamaka usiku. Munthu akalumidwa sadwala pomwepo. Papita sabata imodzi kapena ziwiri thupi lisanayambe kutentha. Chotero mlendo adwalira kwawo, osaganiza n'komwe za neti yobooka ija, ndipo mwini hotela samva kanthu. Kwa mwana wamng'ono ndi mayi woyembekezera malungo angathe kupha. Boma limagawa maneti aulere kuti anthu adziteteze m'nyumba zawo. Kodi n'chilungamo kuti mayi amene asamala ana ake kwawo akawadwalitse m'chipinda chimene walipira?

Kolera adza ndi madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 unafika m'maboma onse a dziko lino, nupha anthu oposa 1,700, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, monga Mangochi ndi Salima, anavutika kwambiri. Hotela imene chimbudzi chake chilibe madzi, ndipo wophika alibe posamba m'manja ndi sopo, ndi njira yotakata ya matenda amenewa, pakuti m'menemo mudya anthu ochokera kutali amene mawa adzabalalika kunka m'midzi yawo.

Nsikidzi nazo zimakwera ulendo. Zibisala m'misoko ya chikwama ndi m'zovala, nizikafika m'nyumba mwanu. Zingathe kukhala miyezi ingapo osayamwa magazi, ndipo mazira ake aswa patapita sabata imodzi kapena ziwiri. N'chifukwa chake kupopera mankhwala kamodzi kokha sikuthetsa nsikidzi. Pafunika kubwereza, kuchapa zofunda m'madzi otentha kwambiri, kuthira madzi owira m'ming'alu ya bedi, ndi kumata ming'alu ya khoma. Ntchitoyi ndi yotopetsa, koma ndiyo ntchito ya munthu amene wasankha kusunga alendo.

Nanga chitseko chosatsekeka? Mwamuna wamphamvu angatchinge ndi mpando nagona. Koma ganizani za mayi woyenda yekha, kapena wamalonda amene wasunga mpamba wake wonse m'lamba. Kwa iwo loko ndiye chinthu chenicheni chimene agula.

TIWERENGE PAMODZI

Eni nyumba zotere aganiza kuti apindula posakonza zinthu. Tiyeni tiwerenge. Tiyerekeze kuti chipinda ndi K20,000 pa usiku. Wamalonda wina amabwera pa tauniyo kanayi pa chaka, nagona masiku awiri ulendo uliwonse. Pa chaka ndi masiku 8, ndiye kuti K160,000. Akalumidwa ndi nsikidzi sabweranso. Akauza anzake anayi oyenda monga iye, nawonso nalambalala, ndalama yotayika pa chaka ikwana K800,000. Kodi loko, neti ndi lata limodzi zingafike pamenepo?

Mbiri sigonera. Kale inkayenda ndi mapazi, lero iyenda pa foni. Chithunzi cha matiresi akuda chingafike ku Lilongwe, ku Lusaka ndi ku Johannesburg mlendo asanatuluke pachipata. Ndipo mbiri yoipa siipitsa nyumba imodzi yokha. Nyanja yathu ndi chuma chimene dziko lonse lapansi lichidziwa. Paki ya Lake Malawi National Park ku Cape Maclear inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo amtengo wapatali a dziko lapansi chifukwa cha mitundu yambirimbiri ya nsomba zake. Mlendo wobwera kudzaona zimenezi akagona moipa, sadzatchula dzina la mwini hotela kwawo. Adzatchula dzina la tauniyo. Pamenepo ataya msodzi, wosema ziboliboli, wakabaza, ndi mwini loji woona mtima wa tsidya lina la msewu.

ZIMENE MLENDO ANGACHITE

Nyumba zoipa zikhalitsa chifukwa alendo ambiri achoka chete. Tinaleredwa kuti mlendo sanyoza ndiwo, ndipo mwambo umenewu ndi wabwino m'nyumba ya munthu amene wakulandirani mwaulere. Koma m'hotela mwagula, monga mugula nsalu m'sitolo. Kunena kuti nsalu yang'ambika si mwano. Chotero, owerenga anzanga, chitani izi.

Pemphani kuona chipinda musanalipire. Tsegulani mpopi. Tsekani chitseko ndi kuyesa loko muli m'kati. Tambasulani neti. Tukulani nsalu ndi kuyang'ana m'misoko ya matiresi. Timadontho takuda ndi chizindikiro cha nsikidzi.

Werengani chikwangwani, ndipo funsani ngati zolembedwazo zilipo lero. Apa m'pamene kudziwa kuwerenga kumasanduka chida: lonjezo lolembedwa ndi umboni wanu.

Lipirani usiku umodzi poyamba. Nyumba ikakoma, mudzaonjeza mawa. Landirani lisiti yokhala ndi dzina la hotela, tsiku ndi ndalama. Lisiti ikasowa, pemphani kuti akulembereni papepala ndi kusaina.

Chikalakwika, musakalipire mtsikana wokonza m'zipinda kapena mlonda, pakuti iwo sagula maloko. Funsani woyang'anira kapena mwini wake, nimulankhule mofatsa, momveka, pamaso pa mboni.

Akakana kumva, nkhani isathere pachipata. Malamulo a dziko lino afuna kuti malo ogona alendo akhale ndi chiphaso cha Boma. Ku khonsolo kuli oyendera zaumoyo amene ntchito yawo ndi kuona ukhondo wa malo odyera ndi ogona. M'chaka cha 2003 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza ogula, la Consumer Protection Act, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula amene anyengedwa pa malonda. Lembani kalata yaifupi: tsiku, zimene analonjeza, zimene munapeza. Sungani lisiti yanu.

Ndipo mukagona pabwino, nenaninso. Thokozani mwini wake, uzani anzanu, bwereraniko. Nyumba yabwino ikadzaza ndi alendo, yoipa idzaphunzira kapena idzatseka.

MAWU OTSIRIZA KWA ENI MAHOTELA

Bambo kapena mayi amene muli ndi nyumba ya alendo, ndikupemphani chinthu chimodzi. Sankhani chipinda chimene muchitchipitsa koposa zonse, mugonemo usiku umodzi mwezi uliwonse. Musauze antchito tsiku lake. Sambani madzi omwewo, fundani bulangete lomwelo, tsekani chitseko chomwecho, idyani chakudya cham'mawa chimene adya alendo anu. Chimene chidzakusowetsani tulo, chikonzeni musanagule thumba lina la simenti. Chimene simungathe kupereka, chifafanizeni pachikwangwani.

Makolo athu anafuna ufulu kuti munthu wa dziko lino alowe pa khomo lililonse ali ndi ulemu wake. Makomo a mahotela ambiri tsopano ali m'manja mwanu. Amene agogoda ndi mphunzitsi wa mwana wanu, mlimi wa chimanga chimene mudya, ndi mayi wopita kuchipatala ndi khanda kumbuyo. Nanunso tsiku lina mudzatsika basi pa tauni yachilendo dzuwa litalowa, nimudzapereka ndalama yanu kwa munthu amene simumdziwa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.